Dzenje likuoneka lakuya pa foni, koma ndi maso ndi penti chabe

Funso lachokera kwa mmisiri wolemba zikwangwani pa Nchalo: "Pa foni ndimaona zithunzi za anthu akunja ojambula dzenje pamsewu mpaka odutsa kumalilambalala. Ena amaunjika zinyalala, koma chithunzithunzi chake pakhoma n'kukhala munthu. Ena amangolemba mizere, koma ukaiyang'ana imayenda. Mwini shopu wina anandipempha kuti ndimujambulire dzenje pakhonde kuti makasitomala azikopeka. Ndajambula. Pa foni likuoneka lakuya ndithu, koma ndi maso ndi penti wakuda basi, ndipo bwanayo akukana kumaliza kulipira. Ena akuti zinazo ndi za pakompyuta, ena akuti pamafunika mankhwala. Zoona ndi ziti, ndipo ndi zipangizo zathu zakunozi ndingapange chiyani?"

Achimwene, dzanja lanu lilibe mlandu. Ngati foni ikuliona dzenjelo kuti ndi lakuya, ndiye kuti miyeso munaiponya bwino. Vuto lili pa mtundu wa ntchito imene munavomera. Dzenje lojambula pansi limapangidwira diso limodzi loima malo amodzi, pamene makasitomala a bwana wanu ali ndi maso awiri ndipo amabwera akuyenda. Mankhwala palibe. Kompyuta ena amaigwiritsa ntchito powerengera miyeso, koma lusoli ndi lakale kuposa magetsi. Mu 1533 Hans Holbein anajambula chithunzi cha akazembe awiri chimene lero chili ku National Gallery mu London. Kumapazi kwawo kuli chinthu chotuwa, chachitali, chosadziwika mutu wake, koma munthu akaima chakumbali kwenikweni kudzanja lamanja, chinthucho chimafupika n'kukhala chigaza cha munthu. Dzenje lanu ndi mdzukulu wa chigaza chimenecho.

Tiyambe ndi diso, chifukwa pa ntchito imeneyi theka la chithunzi limajambulidwa m'mutu mwa woonayo. Kuwala kukalowa m'diso kumakagwera pa kachikopa kopyapyala koyala mkati, kumbuyo kwa diso. Chogwera pamenepo n'chafulati, n'chozondoka, ndipo chili ndi malo osaona pamene mtsempha wopita ku ubongo umatulukira. Malowo mutha kuwapeza lero lomwe. Lembani kamtanda kumanzere kwa pepala ndi kadontho kumanja, motalikirana masentimita 10. Tsinzinani diso lakumanzere, lakumanja liyang'anitsitse kamtandako, ndiye muzisendeza pepalalo pang'onopang'ono chakumaso. Pena pake kadonthoko kazimiririka, ndipo pamalo pake simuona chibowo, muona pepala loyera bwinobwino. Ubongo wamatapo ndi zimene zili m'mbali, ndipo umachita zimenezi tsiku lonse osatiuza. Wasayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza m'zaka za m'ma 1860 kuti kuona ndi kulingalira kumene ubongo umachita ife eni ake osadziwa: umatenga zochepa zimene diso lapereka, zotsalazo n'kudzazira ndi zimene unazolowera.

Inu a m'chigwa cha Shire umboni mumauona chaka ndi chaka. Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, msewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Ngabu umaoneka ngati kutsogolo kwadikha madzi. Mpweya wogundana ndi phula umakhala wotentha kwambiri, motero wopepuka kuposa wa pamwamba pake, ndipo kuwala kochokera kumwamba kukafika pamenepo kumapindika n'kukwera kulowa m'maso mwanu. Chimene mukuona ndi thambo. Koma ubongo sudziwa thambo lokhala pansi. Chonyezimira pansi umachiwerenga kuti madzi. Pamenepa kuwala kwenikweniko ndi kumene kwakhota, n'chifukwa chake ngakhale kamera madziwo imawajambula. Tsono mukadzafika pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, mudzaime muyang'anitsitse madzi a Shire malo amodzi kwa masekondi 30 kapena kuposerapo, kenako mutembenukire ku gombe. Gombelo lidzaoneka ngati likukwawira kumtunda kwa mtsinje. Apa panja palibe chimene chasintha. Timitsempha ta mu ubongo tozindikira kuyenda kolowera kumunsi tatopa, ndipo tozindikira kolowera kumtunda tapambana kwa kanthawi. Robert Addams analemba za zimenezi mu 1834 ataziona pa mathithi a Foyers ku Scotland. Chimenechi kamera singajambule. Ndiye musanagule penti wa ntchito iliyonse yonyenga maso, muziyamba mwadzifunsa kuti chinyengocho chikuchitikira pati: pa malo amene munthu waima, pa kuwala, kapena mkati mwa mutu. Chilichonse chili ndi malamulo ake.

Dzenje lanu lili m'gulu loyambalo. Ubongo umayeza kuya ndi zizindikiro zingapo nthawi imodzi. Zina wojambula amatha kuzinamiza: mizere yokumana patali, zinthu zocheperachepera, mthunzi. Zina sangathe. Maso athu ndi otalikirana pafupifupi masentimita 6, ndipo lililonse limaona mosiyana pang'ono ndi linzake. Imikani chala patsogolo, muzitsinzina diso ili kenako ilo, muona chikudumpha. Ubongo umayerekeza zithunzi ziwirizo n'kudziwa mtunda, ndipo pa mamita ochepa umayeza molondola kwambiri. Dzenje lenileni likanapatsa diso lililonse khoma lamkati losiyana pang'ono. Lanulo likupatsa maso onse awiri simenti yafulati. Onjezani kuti munthu akuyenda. Pa dzenje lenileni, ukasuntha mutu, m'mphepete mumabisa kapena kuvundukula zamkati, koma lopenta limangopindika lonse pamodzi. Pomaliza pali fumbi, timing'alu ta simenti ndi kunyezimira kwa penti wa mafuta, zonse zikuulula kuti apa m'pansi wamba. Kamera ili ndi diso limodzi, siyenda, ndipo timing'alu imatimeza. Zithunzi za akatswiri ojambula pansi m'misewu monga Julian Beever, Kurt Wenner kapena Edgar Müller zimene mumaona pa intaneti zonse zinajambulidwa kuchokera pa malo amodzi osankhidwa. Woimira tsidya linalo amaona chinthu chokokeka chosamveka. Sakuposani pa chimenechi.

Ntchito yomwe mwagwira kaleyi itha kupulumuka. Pezani malo enieni amene munaima pojambula ndi foni, mupentepo mapazi awiri ndi mawu akuti "Imani apa mujambule". Dzina la shopu likhale kuseri kwa dzenjelo kuti lizilowa m'chithunzi chilichonse. Kenako itanani bwanayo, muwaimike pa mapaziwo, atsinzine diso limodzi, asagwedeze mutu. Mwana mmodzi aime m'mphepete mwa dzenjelo atatambasula manja, mumujambule. Chimene bwana wagula ndi malo ojambulitsirapo, ndipo phindu lake limabwera zithunzizo zikayamba kuzungulira pa WhatsApp ndi Facebook. Ngati munapaka penti wa mafuta wonyezimira, m'phimbeni ndi wosanyezimira. Muonenso mbali imene mwaika mdima. Pakhonde kuwala kumachokera panja, ndiye khoma la dzenje loyang'ana kunjako liyenera kuwala, la mbali ya kumsewu n'kukhala mumdima. Mukazisemphanitsa, ubongo umakana ngakhale mwini wake sangafotokoze chifukwa.

Pa ntchito ina yotere musadzayezenso ndi maso. Khomani msomali pansi pamene woona adzaime, mumangepo chingwe. Mzere uliwonse umene m'chithunzi ukuyenera kuoneka woimirira chilili, kaya ndi kona ya khoma la dzenje kapena mwendo wa tebulo, pansi uyenera kutsata chingwe chochokera pa msomaliwo. Ngati mukufuna chinthu chooneka ngati chaima pamwamba pa simenti, dikirani usiku. Zikani ndodo pa msomali paja, mumangirire tochi pa msinkhu wa maso, mita imodzi ndi theka. Ikani katoni yeniyeni pamene mukufuna, muyatse tochi, mulembe ndi choko m'mphepete mwa chithunzithunzi chake. Chimene mwalembacho ndicho chojambula chanu, chokokeka kale molondola, chifukwa kuwala kochoka pa tochi kumadutsa njira yomweyo imene kuona kwa diso kumadutsa. Mudzadabwa kutalika kwake. Katoni yotalika masentimita 50 yoima mamita 3 kuchokera pa woona imafuna mita imodzi ndi theka pansi, ndipo kumutu kwake imatambalala kufika masentimita 75 ngati m'lifupi inali 50. Chinthu chotalika mita imodzi chimafuna mamita 6. Makhonde ambiri a mashopu athu safika pamenepo. Felice Varini wa ku Switzerland, amene amapenta mizere pa nyumba zingapo kuti zikumane kukhala chozungulira chimodzi, amachita zomwezi usiku ndi makina oponya kuwala.

Koma ine maganizo anga ndi akuti maenje muwasiye. Pa msika wa Nchalo anthu saima malo amodzi atatsinzina diso. Amadutsa pa kabaza, pa minibasi, wapansi atasenza mtolo, dzuwa likuswa mtengo. Munthu woyenda amafuna chinyengo chimene chimadya kuyenda kwakeko, ndipo zipangizo zake muli nazo kale pafupi.

Choyamba ndi chikwangwani chopindapinda. Yaacov Agam, wobadwa mu 1928 m'dziko limene lero ndi Israel, anatchuka ku Paris ndi zithunzi zojambulidwa pa malo a zitunda, zimene zimasintha munthu akamadutsa. Carlos Cruz-Diez wa ku Venezuela anayamba mu 1959 kuimika timizere topyapyala pa thabwa kuti mitundu izisintha ndi sitepe iliyonse. Nzeru yake ndi yapafupi. Jambulani zithunzi ziwiri zofanana kukula, tinene mita imodzi m'lifupi chilichonse. Chilichonse muchigawe m'timizere toimirira ta masentimita 5, tikhala 20, ndipo mutilembe manambala kumbuyo. Pitani kwa okhoma zidebe ndi mbaula akupindireni lata lafulati mokhotakhota, mpindo uliwonse masentimita 5, ngodya yake ikhale ya sikweya. Mbali zonse zoyang'ana kumanzere zilandire timizere ta chithunzi choyamba motsatana manambala, zoyang'ana kumanja za chachiwiri. Chikwangwani chonse chikatha chidzatambalala pafupifupi masentimita 141. Wochokera mbali ya Chikwawa adzaona chithunzi chimodzi, wochokera mbali ya Ngabu china, ndipo woima maso ndi maso nacho adzaona zosokonekera zimene zimakonzeka zokha akangoponda masitepe awiri. Pa mpanda wolowera ku shopu, wolowa awerenge "Takulandirani", wotuluka awerenge "Mubwerenso". Pano maso awiri sakusokonezani, chifukwa zitundazo ndi zenizeni.

Ena adzakuuzani kuti mungogwiritsa ntchito malata ofolerera. Amatheka, koma zitunda za malata wamba ndi zosazama ndiponso zobulungira, motero chithunzi chinacho chimangosuzumirabe pokhapokha munthu ayang'anire chakumbali kwambiri. Ndi abwino pa mpanda wautali wotsata msewu, pamene mukungofuna kuti mtundu usinthe, wobiriwira popita, wachikasu pobwera. Pa zilembo ndi nkhope pindani lanu. Yambani ndi katoni kuti muone ngati zikugwirizana, ndipo zilembo zikhale zonenepa, chifukwa odutsa sadzaima pa ngodya yoyenera ndendende.

Chachiwiri n'chotchipa koposa, ndipo chimagwira aliyense, ataima paliponse. Richard Gregory, wofufuza za kuona ku Bristol, anachita chidwi ndi matailosi a pakhoma la kamalo kena komwera tiyi mumzindamo, ndipo mu 1979 iye ndi Priscilla Heard anafalitsa zimene anapeza. Lembani mizere yopingasa yowongoka ndi levulo. Pakati pake dzazani timabokosi takuda ndi toyera mosinthana, koma mzere wachiwiri muusunthe theka la kabokosi, wachitatu mubwezere, choncho mpaka pansi. Mizere yowongoka ija idzaoneka yopendekeka, wina kutsikira kuno wina uko, ngakhale mutaikapo levulo anthu akuona. Chinsinsi chili pa kamzere kolekanitsa. Kayenera kukhala kopyapyala ndi kotuwa, pakati pa kuda ndi kuyera. Mukakapaka kakuda kapena koyera, khoma limawongoka. Ndimalakalaka amayi oluka mikeka ya mlaza atayesa kalukidwe kameneka, chifukwa timabokosi ta mitundu iwiri amatidziwa kale.

Chachitatu muli nacho m'nyumba. Sanjikizani masikito awiri, wina mupotoze pang'ono, muwaunike ku dzuwa. Padzatuluka mafunde akuluakulu amene mulibe mu masikito alionse mwa awiriwo. Pena timabowo tagwirizana kuwala n'kudutsa, pena ulusi wa uyu watseka bowo la uyo. Mukawakhoma pa felemu atatalikirana masentimita atatu kapena asanu, mafundewo amathamanga munthu akangosuntha mutu. Jesús Rafael Soto, wa ku Venezuela nayenso, anagwira ntchito zaka zambiri pa nzeru imeneyi: thabwa la timizere takuda ndi toyera, kutsogolo kwake atapachika mawaya, ndipo mawayawo amaoneka ngati akunjenjemera n'kusungunuka. Masipoko akale a njinga angagwire ntchito yomweyo. Koma chonde, masikito akhale ong'ambika otha ntchito. Kuno kwathu, ndi udzudzu wa ku Dambo la Njovu, kuchotsa neti pabedi la mwana chifukwa cha zojambula ndi mlandu.

Za mizere yoyenda yokha imene mwafunsa, chinyengo chake chili mkati mwa mutu. Diso silikhala duu. Limadumpha kangapo pa sekondi iliyonse, ndipo ngakhale likuoneka kuti laima limanjenjemera pang'ono. Bridget Riley wa ku London anayamba mu 1961 kujambula ndi zakuda ndi zoyera zokha, mizere yothithikana yopindika imene imasandutsa kunjenjemera kumeneku kukhala mafunde. Iye ndi Victor Vasarely anali m'gulu la amene ntchito zawo zinaonetsedwa pa chionetsero cha The Responsive Eye ku Museum of Modern Art mu New York mu 1965, chimene chinatchukitsa luso limeneli. Zozungulira zija zimene zimayendayenda pa mafoni ngati njoka zodzikulunga anazipanga ndi Akiyoshi Kitaoka wa ku yunivesite ya Ritsumeikan ku Japan mu 2003. Si kanema. Mitundu inayi imabwerezedwa motsatana osasintha, wakuda, wabuluu, woyera, wachikasu, ndipo ubongo sulandira malo osiyana kwambiri kuwala ndi osiyana pang'ono pa liwiro limodzi. Kusiyana kwa nthawiko umakuwerenga ngati kuyenda. Zimagwira m'mbali mwa diso. Chozungulira chimene mwachiyang'anitsitsa chimaima, anzake n'kumayendabe. Kuzipenta ndi dzanja n'kotheka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha: m'mphepete mwa mtundu uliwonse muyenera kukhala mwakuthwa, ndipo mukasemphanitsa dongosolo pa kachigawo kamodzi, pamenepo pamafa. Dulani sitensulo, pepala lolimba lobooledwa motsata chojambulacho. Dziwaninso kuti pali anthu ena amene saona kuyendako ngakhale pang'ono, ndipo ena mizere yothithikana yakuda ndi yoyera imawachititsa chizungulire kapena mutu waching'alang'ala, ndipo kwa ena odwala khunyu imatha kudzutsa matendawo. Musapente zotere m'chipinda chodyera, m'kalasi kapena pa chipatala.

Mitundu nayo imanama. Michel-Eugène Chevreul anali woyang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris. Kunkabwera madandaulo akuti ulusi wakuda ndi wofooka. Atauyeza anapeza kuti utoto ulibe vuto. Chimene chinkausintha ndi mitundu yoyandikana nawo. Anafalitsa zimenezi mu 1839. Dulani tizidutswa tiwiri ta nsalu imodzi yotuwa, kena muike pa chitenje chakuda, kena pa choyera, ndipo anthu adzalumbira kuti ndi nsalu ziwiri. Kwa inu wolemba zikwangwani phunziro lake ndi la tsiku ndi tsiku: penti musamuweruze ali m'chitini, muzimuyesa pambali pa mnzake, pakhoma lenilenilo, pa dzuwa lenilenilo. Ana a sukulu mutha kuwasangalatsa ndi phwetekere wopentedwa mtundu wa pakati pa buluu ndi wobiriwira. Amuyang'anitsitse masekondi 30, kenako ayang'ane khoma la laimu. Adzaona phwetekere wofiira.

Tibwere ku mulu wa zinyalala uja. Tim Noble ndi Sue Webster a ku Britain anaunjika mu 1998 zinyalala zawo za miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nyale ikayaka pakhoma pankaoneka iwo eni awiri atakhala motsamirana misana. Shigeo Fukuda wa ku Japan anawotcherera mafoloko, mipeni ndi masupuni mu 1987, chithunzithunzi chake n'kukhala njinga yamoto. Kapangidwe kake kamayamba ndi nyale. Ikhomeni isasunthenso, ndipo ikhale ya kababu kamodzi kakang'ono, chifukwa nyale yaitali kapena ya timababu tambiri imabalalitsa m'mphepete. Lembani pakhoma ndi choko chimene mukufuna, makamaka nkhope yoyang'ana kumbali popeza mphuno ndi chibwano zimadziwika msanga. Ndiye muziwonjezera zinthu pakati pa nyale ndi khoma, chimodzichimodzi, maso anu ali pakhoma osati pa muluwo. Chinthu choyandikira nyale chimapereka chithunzithunzi chachikulu koma chosalongosoka, choyandikira khoma chimapereka chakuthwa, motero milomo ndi zikope muzipangire kufupi ndi khoma. Dzuwa musalidalire pa ntchito imeneyi. Chigwa chathu chili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa ikweta. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni, pamene mu Juni limapendekera kumpoto, ndiye chimene mwakonza lero mwezi wamawa chasokonekera. Izi ndi za m'nyumba kapena za madzulo.

Palinso kunyenga kwa mtunda. El Anatsui, wobadwira ku Ghana mu 1944 amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Nsukka mu Nigeria, amaphwanya zitsekerero za mabotolo a mowa n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa mpaka zikwi zambiri. Patali umaona nsalu yaikulu yofewa yopindika, ukayandikira umapeza chitsulo chakuthwa chokhala ndi maina a mowa. Vik Muniz wa ku Brazil anagwira ntchito mu 2008 ndi otola zinyalala a ku Jardim Gramacho kufupi ndi Rio de Janeiro, nayala nkhope zawo pansi pogwiritsa ntchito zinyalala zomwe ankatolazo, n'kuzijambula kuchokera pamwamba. Mukafuna kuyesa ndi zitsekerero za masentimita atatu, nkhope ya zitsekerero 40 m'lifupi ndi 50 m'litali idya 2,000 ndipo ikula mita imodzi ndi masentimita 20 kwa mita imodzi ndi theka. Ambiri amalakwitsa posankha. Amasankha potsata mtundu, pamene ubongo umazindikira nkhope potsata kuwala ndi mdima. Jambulani zitsekererozo ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera, muzigawe milu inayi kapena isanu kuyambira zakuda kwambiri mpaka zowala. Chofiira ndi chobiriwira zitha kugwera mulu umodzi. Pogwira ntchito muzibwerera m'mbuyo kawirikawiri n'kuyang'ana mwatsinzinira pang'ono.

Mwina mwaona kuti mwa anthu onsewa, amene ntchito zawo zimakhalitsa m'maganizo ndi amene chipangizo chawo chikunena kanthu. Zinyalala za Noble ndi Webster zinali zawozawo. Zitsekerero za Anatsui zimakumbutsa mowa umene unali katundu wa malonda pakati pa Ulaya ndi Africa. Chinyengo chopanda nkhani chimatha mphamvu munthu akangochitulukira, ndipo ichi n'chifukwa china chimene sindikondera maenje ndi nsomba zikuluzikulu zokopera pa intaneti. Chigwa chino chili ndi nkhani za nkhope ziwiri zochuluka, zoyenera lata lopinda lija. Shire wa mu Seputembala mbali imodzi, Shire wosefukira wa mu Malichi 2023 mbali inayo. Munda wa thonje popita, belo pa sikelo pobwera. Mtsikana atanyamula makope mbali iyi, yemweyo ali namwino mbali iyo. Pamenepo kusintha kwa chithunzi ndiko uthenga wake, ndipo munthu amabwerera kuti adutsenso.

Musaganize kuti chimene chakunyengani inu chinyenga aliyense mofanana. Pali chinyengo chakale cha Franz Müller-Lyer cha mu 1889, mizere iwiri yofanana, wina wa timivi toloza kunja wina mkati, imene imaoneka yosiyana kutalika. Marshall Segall, Donald Campbell ndi Melville Herskovits anaonetsa mizere imeneyi kwa anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri a muno mu Africa, ndipo m'buku lawo la 1966 anati a m'tauni ya ku America ankanyengeka kwambiri kuposa ambiri a m'midzi ya kuno. Iwo anati mwina n'chifukwa chokulira pakati pa makona a nyumba. Akatswiri amatsutsanabe za chifukwacho, koma kwa mmisiri langizo ndi limodzi: kachitsanzo ka katoni kaonetseni kwa agogo, kwa mwana wa sitandade 3 ndi kwa wakabaza musanagule lata. Mwini ntchito nayenso akaone ali pa malo amene makasitomala ake adzadutse, mtengo musanagwirizane.

Nkhani ya mankhwala ija musaiseke. M'midzi mwathu munthu amatha kuvutika chifukwa cha mphekesera yocheperapo kuposa imeneyi. Gwirirani ntchito poyera, masana, chingwe ndi choko zikuoneka. Ngati mukuyeza ndi tochi usiku, a mfumu kapena a komiti ya msika adziwe, ndipo itanani anyamata akugwirireni ndodo. Ana akafunsa, apatseni pepala apinde chawo. Ndipo dzenje kapena chilichonse chooneka ngati chotchinga musadzapente pa msewu wa magalimoto, ngakhale wina atakulipirani bwanji. Woyendetsa njinga yamoto amene waliona mwadzidzidzi alibe nthawi yoti ayeze ndi maso awiri.

Chotsala ndi kutentha. Kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo guluu wambiri amafewa kapena kuuma n'kusweka, choncho chilichonse chokhala panja muchimange ndi waya, misomali kapena marivheti. Lata la galata latsopano limakana penti. Litsukeni lichoke mafuta, mulikwecheko, mupake penti woyambira wake. Pentani m'mawa lata lisanatenthe, apo ayi penti amauma pamwamba mkati muli mwamuwisi, kenako n'kutukusira. Wofiira ndi amene amafulumira kusuluka pa dzuwa, ndiye mbali yoyang'ana kumadzulo muipatse wakuda, woyera ndi wabuluu. Bango, mlaza ndi matabwa zisagunde pansi chifukwa cha chiswe, ndipo m'madera amene madzi amalowa, chikwangwani chikhale chomasula ndi mabauti kuti mvula ikakula muchikweze. Fumbi la mu Okutobala limadzaza m'makona a lata lopinda ndipo limasandutsa chakuda ndi choyera kukhala zotuwa zokhazokha, pamene zinyengo zambiri zatchulidwazi zimadalira kusiyana kwa ziwirizo. Uzani mwini shopu kuti azichipukuta ndi kansalu konyowa sabata iliyonse, ndipo mukafuna muike kupukutako ndi kubwezeretsa penti kamodzi pachaka mu mtengo wa ntchito.